Kolesterolo wakwera, chithokomiro chafooka: muyambire pati?

Kuno ku Mzuzu munthu ukadandaula kuti ukuzizidwa palibe amene amadabwa. Mu June ndi July tonse timayenda titadzikuta majuzi, nkhungu itaphimba Kaning'ina, kamvula kakuwaza mpaka masana. N'chifukwa chake zinanditengera nthawi yaitali kuti ndizindikire kuti kuzizidwa kwanga sikunali kwa nyengo. Ndinkavala juzi ngakhale mu October anzanga akupukuta thukuta. M'mawa ndinkadzuka nditatopa kale, thupi linkangonenepa chonsecho kadyedwe sikanasinthe, khungu linkatuwa, ndipo kudzimbidwa sikunkandichoka.

Atandiyeza magazi, chimene chinayamba kuoneka ndi kolesterolo wokwera, amene ambiri timangoti mafuta a m'magazi. Ndinasiya mazira, ndinasiya kanyenya, ndinachepetsa mafuta mu ndiwo mpaka ana kuyamba kudandaula. Patapita miyezi nambala inali pomwe paja. Kenako adokotala ena anandigwira pakhosi, anandifunsa za kuzizidwa ndi kutopa kuja, n'kunditumiza kukayezetsa chithokomiro. Gwero la vuto linali kumeneko.

Sindine dokotala, ndipo zimene ndalembazi sizikulowa m'malo mwa amene akukuonani kuchipatala. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikanakonda wina akanandiuza msanga: pa matenda awiriwa, chofunika kwambiri ndi kudziwa choyambira. Mukayamba ndi kolesterolo chithokomiro chisanakonzedwe, mudzadzizunza ndi kusala zakudya popanda phindu lenileni, ndipo mankhwala otsitsa kolesterolo akhoza kukupwetekani minofu.

Gawo 1: Dziwani mmene khosi likukhudzira magazi

Ambiri timadziwa mawu akuti chithokomiro ngati chotupa cha pakhosi. Komatu aliyense ali nacho chithokomiro. Ndi kachiwalo kakang'ono kooneka ngati gulugufe, kamene kali kutsogolo kwa khosi, ndipo kamatulutsa mahomoni (timichere toyenda m'magazi tolamula ntchito za ziwalo) awiri otchedwa T4 ndi T3. Mahomoni amenewa ndi amene amasonkhezera moto wa m'thupi: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kugaya chakudya, ngakhale kaganizidwe. Chikhoza kufooka popanda kutupa, choncho musadzilimbitse mtima kuti pakhosi panu palibe chooneka.

Nanga kolesterolo akulowa bwanji? Chiwindi chili ndi timakomo tokokera kolesterolo woipa, wotchedwa LDL, kuchoka m'magazi. Mahomoni a chithokomiro ndi amene amalimbikitsa chiwindi kupanga timakomo timeneti. Mahomoniwo akachepa timakomo timachepanso, LDL amangozungulira m'magazi n'kumakanirira m'mitsempha pang'onopang'ono, ndipo patapita zaka amabweretsa matenda a mtima kapena sitiroko. Ngalande ikatsekeka, ngakhale muchepetse madzi otayamo, chithaphwi sichiuma. Ndi zimene zinkandichitikira ine ndi mazira anga aja.

Gawo 2: Yezetsani zonse ziwiri, ndipo lembani manambala

Ngati anakuuzani kuti kolesterolo wanu ndi wokwera koma chithokomiro sanachiyeze, pemphani kuti ayeze TSH. Musachite manyazi, kufunsa si mwano. TSH ndi homoni yochokera ku kachiwalo ka pansi pa ubongo, ndipo ntchito yake ndi kulamula chithokomiro kuti chigwire ntchito. Chikamachita ulesi TSH imakwera, monga mmene kholo limakwezera mawu mwana akapanda kumva. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka: TSH yokwera ikutanthauza chithokomiro chofooka, osati champhamvu. Malabu ambiri amati TSH ili bwino ikakhala pakati pa 0.4 ndi 4.0, ngakhale malirewo amasiyanako pang'ono, ndiye muziyang'ananso amene alembedwa papepala lanu. TSH ikakwera amayezanso T4.

Nthawi zina TSH imakwera pang'ono T4 ili bwinobwino. Zikatero adokotala angakuuzeni kuti mubwerenso pakatha miyezi 2 kapena 3 adzayezenso, chifukwa mwa ena imabwerera yokha, makamaka ngati anali atangodwala matenda ena. Ikapitirira 10, kawirikawiri amayambitsa mankhwala.

Pepala la kolesterolo limakhala ndi manambala angapo. Kwa munthu wamkulu amene alibe matenda ena, kolesterolo yense amafunika akhale pansi pa 5 mmol/L, LDL pansi pa 3, ndipo mafuta otchedwa triglycerides pansi pa 1.7. HDL, amene amati wabwino chifukwa amanyamula kolesterolo kubwerera naye ku chiwindi, akhale pamwamba pa 1.0 kwa abambo ndi pamwamba pa 1.2 kwa amayi. Malabu ena amalemba mu mg/dL, ndiye mukaona nambala ngati 200 musadzidzimuke, imeneyo ndi pafupifupi 5.2 mmol/L. Amene ali ndi shuga, matenda a impso, kapena anadwalapo mtima, malire awo a LDL amakhala otsika kuposa apa.

Kokayambira ndi kuchipatala chimene chili pafupi nanu, kaya ku Mapale, ku St John's kapena kwina, ndipo ngati n'kofunika akutumizani ku Mzuzu Central Hospital. Funsani kuti TSH mungakayezetse kuti, ndipo ngati ndi ku labu yolipira funsiranitu mtengo kuti mukonzekere. Funsaninso ngati mukuyenera kupita osadya, popeza ena amafuna kuti mukhale maola 9 mpaka 12 musanadye akamayeza triglycerides. Ngati mumamwa mapiritsi okulitsa tsitsi ndi zikhadabo amene muli biotin, auzeni, chifukwa amasokoneza zotsatira za chithokomiro. Tsiku lomwelo yezetsaninso BP ndi shuga. Zonsezi zilembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala pamodzi ndi deti, ndipo mujambulenso pa foni, poti timabukuti timasowa kapena kunyowa.

Gawo 3: Konzani chithokomiro, ndipo mwani piritsi lake moyenera

Pano ndichedwapo, chifukwa apa ndi pamene ambiri timalakwitsa tisakudziwa.

Mankhwala a chithokomiro chofooka ndi levothyroxine. Ndi T4 yemweyo amene thupi likulephera kupanga wokwanira. Mapiritsi ake ndi aang'ono kwambiri, amayezedwa mu maikulogalamu, monga 25, 50 kapena 100. Achikulire ndi amene ali ndi vuto la mtima amayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono, kuopa kudzidzimutsa mtima. Kwa anthu ambiri mankhwalawa ndi a moyo wonse. Mukayamba kupeza bwino ndiye kuti akugwira ntchito, sikuti mwachira.

Vuto lake ndi lakuti piritsili sililowa bwino m'thupi likakumana ndi chakudya. Muzimwa m'mawa mukangodzuka, m'mimba muli mopanda kanthu, ndi madzi okha, kenako mudikire mphindi 30 mpaka 60 musanadye kapena kumwa china chilichonse. Ndikudziwa kuti m'mawa wa ku Mzuzu dzanja limathamangira kapu ya tiyi wamkaka kapena khofi wathu wa kuno, koma khofi ndi mkaka zimachepetsa mankhwala olowa m'magazi. Ine ndimaika botolo la madzi ndi mapiritsi pafupi ndi bedi. Ndikamwa ndimakoleza mbaula, kusamba, kukonzekeretsa ana, ndipo pofika nthawi ya tiyi mphindi zija zimakhala zitakwana. Amene amalawirira m'bandakucha ku msika kapena ku ntchito akhoza kugwirizana ndi adokotala kuti azimwa pogona, patatha maola osachepera 3 chidyereni cha madzulo. Chachikulu n'chakuti muzimwa mofanana tsiku lililonse.

Pali zina zofunika kuzitalikitsa ndi maola 4: mapiritsi owonjezera magazi a ayironi, mapiritsi a kashiamu, ndi mankhwala a kutentha pamtima, aja oyera ngati mkaka kapena otafuna. Amayi apakati ndi amene ali ndi vuto lochepa magazi asamale kwambiri pamenepa, popeza ayironi amamata levothyroxine m'matumbo. Soya nayenso amachepetsa kalowedwe ka mankhwalawa. Sindikunena kuti musiye phala la soya kapena nyama ya soya, ayi, koma zisakhale zoyamba kulowa m'mimba mukangomwa piritsi. Ngati mwayamba kudya soya tsiku ndi tsiku, auzeni adokotala kuti adzaone ngati mlingo ukufunika kusintha. Chimodzimodzi mukayamba mankhwala a TB kapena ena a khunyu, amene amachititsa kuti thupi lifune levothyroxine wochulukirapo.

Mukaiwala, mwani mukakumbukira tsiku lomwelo. Mukakumbukira mawa lake, pitirizani monga mwa nthawi zonse osaphatikiza awiri, pokhapokha adokotala atakuuzani zina. Mankhwalawa amakhalitsa m'thupi, theka lake limatenga pafupifupi sabata kuti lithe, ndiye kuiwala tsiku limodzi si ngozi. Ngozi ndi kukhala masabata osamwa chifukwa mapiritsi atha. Muzikatenga ena akadalipo a sabata imodzi kapena awiri, ndipo muzisunga m'paketi yake pouma, kutali ndi dzuwa ndi moto. Ndi chinyontho cha kuno, pawindo la kubafa kapena pashelefu ya kukhitchini si malo ake.

Pakatha masabata 6 mpaka 8 chiyambireni kapena chisinthireni mlingo, yezetsaninso TSH. Kuyeza msanga kuposa apo n'kutaya ndalama, thupi limakhala lisanakhazikike. Tsiku loyezetsa ambiri amalangizidwa kumwa piritsi akatha kutengedwa magazi. TSH ikafika pabwino, amayeza mwina pakatha miyezi 6, kenako kamodzi pachaka. Mukayamba kumva mtima kuthamanga, manja kunjenjemera, thukuta losadziwika bwino, kusowa tulo kapena kuwonda mofulumira, mwina mlingo wachuluka, pitani mukaonedwe. Ndipo chonde musamadziwonjezere mapiritsi pofuna kuchepetsa thupi. Levothyroxine wochuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima ndi kufooketsa mafupa.

Amayi amene akufuna kutenga pakati kapena angozindikira kuti ndi oyembekezera asasiye levothyroxine. Apite msanga kuchipatala, chifukwa mlingo nthawi zambiri umafunika kukwera, ndipo ubongo wa mwana umadalira mahomoni amenewa.

Gawo 4: TSH ikakhala bwino, yezetsaninso kolesterolo

Ili ndi gawo lalifupi koma musalidumphe. Mwa anthu ambiri amene chithokomiro chinafooka kwambiri, kolesterolo amatsika yekha chikakonzedwa, mwa ena mpaka kufika pabwino. Mwa ena amatsika pang'ono chabe, kusonyeza kuti pali gwero lina: chibadwa cha kumtundu, kadyedwe, shuga kapena impso. Nambala yachiwiriyi ndi imene ikuuzeni zoona, ndipo ndi imene adokotala agwiritse ntchito poganizira za mankhwala ena.

Gawo 5: Sinthani mphika, osadikira

Kudikira kuti TSH itsike sikutanthauza kukhala manja lende. Kadyedwe mukhoza kuyamba kukonza lero, ndipo ubwino wake kuno kwathu zakudya zoyenera ndi zomwe zadzaza mu msika waukulu ndi ku Zigwagwa.

Chimene chimakweza LDL kwambiri si dzira, monga ndinkaganizira ine. Ndi mafuta amene amaundana akazizira: mafuta oyera a nyama ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, khungu la nkhuku, soseji, batala, majarini wolimba, mafuta a kokonati, komanso mawese amene abale athu a ku Karonga amawakonda. Yang'anani mumphika wa nyama m'mawa wozizira, choyera chimene chagwirana pamwambacho ndi chimenecho. Chiyengululeni ndi supuni musanatenthetse. Pogula nyama pemphani ya mnofu, ndipo chotsani mafuta ooneka musanaphike. Mang'ina, zam'kati ndi kanyenya wa pachiwaya zikhale za apo ndi apo. Tchipisi, mandasi ndi zitumbuwa zokazingidwa m'mafuta obwerezedwa mpaka kuda zikhale zoyamba kuchepetsa, makamaka kwa ife amene nkhomaliro imatipeza m'tauni. Mazira angapo pa sabata, owiritsa, alibe vuto kwa anthu ambiri.

Pophika gwiritsani ntchito mafuta a mpendadzuwa, a mtedza kapena a soya, ndipo muziyeza ndi supuni m'malo mongotsanulira kuchokera m'botolo. Masamba otendera ndi nsinjiro ndi abwino kuposa okazinga, popeza mafuta a mtedza ndi a mtundu wothandiza mtima. Chimodzimodzi mapeyala, amene nyengo yake ikafika amachuluka kuno. Kungoti mtedza ndi mapeyala zimanenepetsa mukachulutsa, ndiye mtedza wodzaza dzanja limodzi kapena theka la peyala patsiku n'zokwanira.

Nsomba muzidya kawiri pa sabata kapena kuposerapo. Usipa wa ku Nkhata Bay, utaka, matemba, chambo, zonsezi n'zabwino, makamaka zofutsa, zowotcha kapena zophika ndi tomato ndi anyezi m'malo moziviika m'mafuta.

Kenako pali zakudya zimene zimagwira kolesterolo m'matumbo n'kutuluka naye: nyemba, nandolo, khobwe, nzama, therere, mabiringanya, magwafa, malalanje, ndi phala la oats kwa amene angakwanitse. Kuterera kwa therere kuja ndi kumene kumagwira ntchito imeneyi. Mukamadya nyemba masiku anayi kapena asanu pa sabata m'malo mwa nyama, mwathandiza mtima, thumba, komanso kudzimbidwa kumene chithokomiro chofooka chimabweretsa. Nsima ikhale ya mgaiwa, ndipo mitanda ichepe pamene ndiwo zamasamba zikuchuluka. Ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri mgaiwa amaunyoza, koma ufa woyera wachotsedwa gaga amene thupi lanu likumufuna. Ngati banja likukana, yambani ndi kusakaniza.

Ngati triglycerides ndi amene akwera, adani ake ndi shuga ndi mowa. Masupuni atatu mu tiyi, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, thobwa lothira shuga wambiri, buledi woyera wa tsiku ndi tsiku, zonsezi chiwindi chimazisandutsa mafuta. Okonda khofi adziwenso kuti khofi wowiritsa mumphika n'kumwa osasefa ndi kapepala amakweza LDL pang'ono. Wosefa ndi kapepala alibe vuto limeneli.

Tsopano za ayodini, poti pamenepa pamamveka zambiri. Chithokomiro chimafuna ayodini kuti chipange mahomoni, ndipo munthu wamkulu amafunika maikulogalamu 150 patsiku. Dothi la kumapiri kutali ndi nyanja ya mchere limakhala ndi ayodini wochepa, ndipo nsomba za m'nyanja yathu zilibe wochuluka ngati za m'nyanja ya mchere. N'chifukwa chake mchere wa ayodini ndi wofunika. Gulani wa m'paketi wolembedwa kuti muli ayodini, ndipo muzisunga m'chitini chotseka, chifukwa ukakhala poyera pa chinyontho ayodini amachepa. Koma musachulutse mchere poganiza kuti mukuchiza chithokomiro. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuopa BP. Komanso ambiri amene chithokomiro chawo chafooka masiku ano si chifukwa chosowa ayodini. Ndi matenda otchedwa Hashimoto, pamene chitetezo cha m'thupi chimaukira chithokomiro chake chomwe. Kwa otere, mapiritsi a ayodini kapena ndere za m'nyanja zogulitsidwa pa WhatsApp ndi Facebook sizithandiza, ndipo zikhoza kuwonjezera vuto.

Kondowole musasiye, koma akhale wa chinangwa chovikidwa masiku okwanira ndi kuumitsidwa bwino. Chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira chili ndi poizoni amene, kuwonjezera pa kuopsa kwake kodziwika, amatsekereza ayodini kulowa m'chithokomiro. Za kabichi, repu ndi mpiru, zimene ena amati odwala chithokomiro asadye, musade nkhawa. Zophika, pa mlingo wa ndiwo za tsiku ndi tsiku, zilibe vuto, ndipo kuzisiya n'kudzimana masamba amene mtima wanu ukuwafuna.

Gawo 6: Yendani, koma muyambe mwaulemu ndi thupi lanu

Munthu wa chithokomiro chofooka akauzidwa kuti azichita masewera olimbitsa thupi amamva ngati akumunyoza, chifukwa ngakhale kukwera kachitunda ka ku Masasa kumakhala ngati ulendo wa tsiku lonse. Si ulesi. Minofu imakhala yofookadi mpaka mankhwala atayamba kugwira. Ndiye yambani ndi mphindi 10 patsiku pamalo athyathyathya, muziwonjezera mphindi zisanu sabata iliyonse mmene mphamvu zikubwerera.

Cholinga ndi chimene WHO imalangiza akuluakulu: mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za kuyenda ndawala kapena ntchito yofanana nayo, kuphatikizapo masiku awiri a zolimbitsa minofu. Mphindi 30 masiku asanu zakwana 150. Muyeso wake ndi wosavuta: muzipuma mofulumira koma n'kumatha kulankhula, osatha kuimba. Tsikani pa Sacramento (kabaza wa njinga) kapena pa minibasi musanafike, mutsirize wapansi. Wokhala ku Chibavi, ku Chiputula kapena ku Katoto akhoza kuyenda popita m'tauni n'kukwera pobwerera ndi katundu. Kulima, kutchetcha ndi kutunga madzi zimawerengedwa ngati zikukupumitsani mofulumira. Mvula ya kuno imatenga miyezi yambiri, ndiye konzeranitu zochita m'nyumba: kukhala ndi kudzuka pampando maulendo 10 kapena 15, kukankha khoma ndi manja, kuvina nyimbo zitatu zotsatizana. Kuyenda awiriawiri ndi mnzanu wa ku mpingo kapena woyandikana naye kumathandiza kuti musagwe ulesi m'mawa wa nkhungu.

Kuyenda sikutsitsa LDL kwambiri, ndinene zoona. Phindu lake lalikulu lili pa triglycerides, HDL, BP, shuga ndi kulemera kwa thupi, ndipo zonsezi ndi zimene zimateteza mtima. Mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kapena befu wosayenera, imani ndipo mukaonedwe tsiku lomwelo. Osuta fodya, kusiya kukuthandizani kuposa chilichonse chimene ndalemba m'gawo lino.

Gawo 7: Kambiranani za statin popanda mantha

Ma statin ndi mankhwala amene amachepetsa kolesterolo wopangidwa ndi chiwindi. Paja kolesterolo wambiri m'magazi amapangidwa ndi thupi lenilenilo, wochokera m'mbale ndi wochepa, n'chifukwa chake munthu wochepa thupi, wodya mosamala, akhoza kukhala naye wokwera. Odziwika kwambiri ndi simvastatin ndi atorvastatin. Amatsitsa LDL kwambiri kuposa mmene zakudya zokha zingachitire, ndipo amachepetsa chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Kupatsidwa statin sikutanthauza kuti mwalephera kudzisamala.

Chifukwa chodikirira kuti chithokomiro chikonzedwe kaye ndi chakuti chikakhala chofooka, mpata woti statin akupwetekeni minofu umakula. Koma si onse ayenera kudikira. Ngati munadwalapo sitiroko kapena mtima, muli ndi shuga ndipo mwapitirira zaka 40, muli ndi matenda a impso, kapena LDL wanu wafika 4.9 mmol/L kapena kuposa, adokotala akhoza kuona kuti kuchedwa n'koopsa kwambiri, n'kukuyambitsani mosamala pamene akukonza chithokomiro. Auzeninso ngati bambo, mayi kapena m'bale wanu anadwala mtima akadali wamng'ono, chifukwa pali kolesterolo wa kumtundu amene satsika ndi zakudya.

Musanayambe, tengani mankhwala onse amene mumamwa, ngakhale azitsamba, mukawaonetse. Izi n'zofunika kwambiri kuno kwathu. Simvastatin sayenera kumwedwa pamodzi ndi ma ARV ophatikizidwa ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir, ndipo ngakhale atorvastatin amafunika mlingo wochepa kwa amene ali pa ma ARV amenewa. Musabise kuti muli pa ma ARV, ndipo musawasiye. Adokotala ndi amene asankhe statin woyenera. Amene amamwa amlodipine wa BP sayenera kupitirira 20 mg ya simvastatin patsiku. Erythromycin, clarithromycin ndi mapiritsi ena a mafangasi monga ketoconazole amachulutsa statin m'magazi, ndiye mukapatsidwa amenewa nenani kuti muli pa statin. Amayi oyembekezera, oyamwitsa kapena amene akufuna kutenga pakati kawirikawiri sapatsidwa statin.

Simvastatin amamwedwa madzulo, popeza chiwindi chimapanga kolesterolo wambiri usiku. Atorvastatin amakhalitsa m'thupi, ndiye nthawi iliyonse yokhazikika ndi yabwino. Zimayenda bwino kumwa levothyroxine m'mawa, statin madzulo. Pakatha pafupifupi miyezi 3 amayezanso kolesterolo, nthawi zambiri pamodzi ndi chiwindi. Statin akhoza kukwezako shuga pang'ono mwa ena, choncho muziyezetsa, koma kwa amene akufunikiradi mankhwalawa phindu lake limaposa vuto limeneli.

Ambiri amamwa statin popanda vuto lililonse. Mukayamba kumva kuphwanya kapena kufooka kwa minofu mbali zonse ziwiri, makamaka m'ntchafu, m'matako ndi m'mapewa, bwererani kuchipatala ndipo pemphani ayezenso TSH, chifukwa nthawi zina wolakwa si statin koma chithokomiro chimene chatsikanso. Akhoza kuchepetsa mlingo kapena kusintha mtundu. Koma ululu ukakhala waukulu, mukulephera kudzuka pampando, kapena mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, siyani kumwa ndipo pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, chifukwa zimenezo zikhoza kuwononga impso. Chimodzimodzi maso akachita chikasu. Kupatula pamenepa, musasiye statin panokha chifukwa nambala yatsika. Yatsika chifukwa cha mankhwalawo, ndipo mukasiya imakweranso m'masabata ochepa.

Gawo 8: Konzekerani ulendo wotsatira

Musanachoke pamaso pa adokotala, onetsetsani kuti m'kabuku mwalembedwa zinthu zinayi: mlingo wa levothyroxine, TSH yomaliza ndi deti lake, LDL yomaliza ndi deti lake, ndi tsiku lodzayezetsanso. Kuchipatala simupeza munthu mmodzimodzi nthawi zonse, ndipo kabuku kameneka ndi kamene kamakulankhulirani. Mukapatsidwa mapiritsi ooneka mosiyana ndi akale, werengani nambala ya maikulogalamu musanachoke pawindo, poti 25 ndi 100 akhoza kufanana maonekedwe.

Matenda a chithokomiro amayenda m'magazi a banja, ndipo amagwira amayi kwambiri kuposa abambo, makamaka akangobereka kumene komanso akamakula. Ine nditadziwa zanga ndinaimbira foni achemwali anga ku Ekwendeni, amene kwa zaka ankangoti ndi ukalamba, kuti nawonso akapemphe TSH. Ngati kwanu kuli wina wovala juzi mu October, wotopa osagwira ntchito, amene anauzidwa kuti mafuta achuluka m'magazi, mufunseni ngati khosi lake linayezedwapo.